Chaka Chimene Anadula Ngayaye za Apongozi Anga

Ana inu, dzana munandikwiyitsa, ndipo mukudziwa. Ndinakusiyirani dengu la chimanga kuti mutonole, ine nkupita kudambo kukaona ng'ombe. Pobwera ndinapeza iwe Limbani ukusankha njere zofiira m'lichero nkumaponyera nkhuku, ati nzowola, Tamala ali pambali akuwerengera tambala kuti wameza zingati. Ndinakalipa mpaka agogo anu aakazi anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja, kuyesa kuti wina walumidwa ndi njoka. Iwo akuti ndipepese. Sindipepesa. Koma popeza ndikamalankhula mumangomva phokoso lokha, ndati ndilembe, mwina pepala mulimvera, inu amene khosi linapindikira pa foni.

Tiyambire pa duwa lija unajambula m'kope lako la sayansi, Tamala, looneka ngati ambulera yothyoka. Nditakufunsa kuti chimuna cha chimanga chili pati, unabisa nkhope m'chitenje nkumaseka ngati ndatukwana. Palibe chotukwana. Duwa lili ndi chimuna ndi chikazi, ndipo pakanapanda zimenezo bwenzi tonse tikudya dothi.

Ine ndinaziona ndi maso anga ku sekondale kuboma. Aphunzitsi anatituma kukathyola maluwa a therere m'dimba la sukulu, tinawang'amba pakati ndi lezala. M'kati muli tinthu tonga timapini, kumutu kwake kuli ufa wachikasu wokakamira ku zala. Ufawo ndi mungu, ndipo timapini tonyamula munguto ndito chimuna. Pakati penipeni pamasuzumira kamlomo konata, kamene kali ndi kakhosi kotsika mpaka pansi pa duwa, pomwe pali kamimba kobiriwira kodzaza timazira. Chikazi ndi chimenecho. Mungu ukagwera pakamlomo umamera kamuzu kosaoneka ndi maso, nkutsika m'kakhosi kukapeza timazira tija. Kadzira kofikiridwa kamasanduka njere, kamimba kamafufuma nkukhala therere limene mumalikana lija. Zikatero duwa latha ntchito, limafota nkugwa. Kukongola konse ndi fungo nzoitanira njuchi kuti zinyamule mungu kumiyendo, osati zoti inu muzijambulitsa nazo. Thonje ndi m'bale wake wa therere: duwa limatsegula loyera ngati mkaka, mawa lake mukalipeza lafiira. Amayi anga ankati lachita manyazi.

Si zomera zonse zimene zimagoneka chimuna ndi chikazi m'nyumba imodzi. Dzungu limawapatula: maluwa a phesi lalitali lopyapyala ndi aamuna, ndiwo chiluwe chimene timathyolera ndiwo, pamene aakazi amabadwa ali kale ndi kadzungu kumbuyo. Papaya ndiye amapatula mitengo imene. Malume anga anamangirira chitsononkho pa papaya wamwamuna kuti asanduke wamkazi, monga ankachitira anthu kale. Anadikira mpaka anamwalira, mtengowo ukungolendewetsa timaluwa take. Ana awo anakwiya nawo nkuudula, kenako nkumadabwa kuti mitengo yaikazi yayamba kuyoyola tizipatso tisanakule.

Tsono chimanga. Chimuna chake chili pamwamba, ndiye ngayaye. Chikazi chili m'chiuno mwa phesi, chofunditsidwa makoko, ndipo chimangotulutsa ndevu zija kunja. Kandevu kalikonse kali ndi njere yake imodzi m'kati. Kakalandira mungu, njere imabadwa. Kakapanda kulandira, pamenepo pamakhala gweru, nchifukwa chake chimanga china chimaoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Chimanga sichidalira njuchi, mtumiki wake ndi mphepo. Ndipo mphepo sidziwa kuti munda wa uje walekezera apa. Gwirani mawu amenewo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ine ndinali mnyamata. Anthu ankatulukira m'tchire kuno kwa Mlolo mapazi atatupa, ena opanda ndi mphika womwe. Mwa iwo munali mayi wina wamtali, wosalankhulalankhula, aNankhoma, ndi mwana wawo wamkazi, amene lero ndi agogo anu. Kumbuyo aNankhoma anali atabereka. Amayi a m'mudzi anathamanga kuti awalandire mwanayo apumeko, koma atamasula mbereko anapeza muli chimanga, zitsononkho zodzaza njere zofiira moderako ngati magazi ouma. Khanda linafera m'njira, analiika m'tchire. Chimanga chimene anazula padenga la khitchini pothawa anachiika pamalo pa khandalo, nkumayenda nacho kumbuyo. Amuna awo ndi ana awo aamuna anatsala komweko, ndipo sanatsale amoyo.

Anapatsidwa malo kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi chulu chija mumakwerapo posaka netiweki. Nditakwatira agogo anu ndinakamanga komweko ngati mkamwini. Inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi, mpaka kujambulitsa mutakolekana m'khosi. Ife ayi. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu. Sitinkayang'anana kumaso. Chonena chilichonse chinkadzera mwa agogo anu, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi: muwauze amayi zakuti, muwauze bambowo zakuti. Kwa munthu wa mtima wapachala ngati ine chinali chilango, chifukwa mkwiyo ukadzera mwa munthu wina umakafika utazizira.

Chimanga chofiiracho apongozi anga ankachibzala pachokha m'mbali mwa chulu. Sichinali chobereka kwambiri, koma ufa wake unali wotsekemera, ndipo dowe wake ukamuotcha fungo linkafika kumsewu. Chikamasula, aNankhoma anali ndi mwambo wawo. Dzuwa likakwera, mame atauma, ankalowa m'mizere nkumagwedeza phesi lililonse. Akayang'ana kumwamba ku ngayaye ankatchula dzina la mwamuna, akagwira ndevu ankatchula la mkazi. Onsewo anali anthu akwawo amene anafa: amuna awo, ana awo, achemwali awo, ngakhale wosula makasu wa m'mudzi mwawo. Sankalira. Ankangoitana motsitsa, ngati munthu wodzutsa ana kuti akasambe. Potuluka m'mundamo mutu wonse ndi mapewa zinali zachikasu, nkhope ngati ya munthu wofukulidwa. Ine ndemwe, ndi sayansi yanga yonse, ndikawaona chapatali tsitsi linkandiyimirira.

Tsiku lina ndinatuma agogo anu kuti akawauze kuti kugwedezako nkwabwino, kumathandiza mungu kugwera pa ndevu. Yankho linabwera lakuti, “Muwauze bambowo kuti zikomo, koma ine ndimangopereka moni.”

Kumunsi kwa munda wathu, kumene mphepo yochokera kumapiri a kumalire imalowera, kunali munda wa aGelesomu, munthu wamkulu ku gule, wolima chimanga choyera. Posakhalitsa m'chimanga chawo munayamba kupezeka njere zofiira, apa imodzi, apo ziwiri, makamaka m'mizere yoyandikana ndi ife. Poyamba zinali zoseketsa. Mwana wawo wamkazi, Delifa, wa msinkhu wosayamba sukulu, ankazitola nkumati ndi mikanda yake. Ankabwera kwathu chala chili m'kamwa, nkuima pafupi ndi aNankhoma osanena kanthu mpaka amuotchere dowe wofiira. Ndi munthu yekhayo amene ndinamumvapo akuseketsa apongozi anga.

Chaka china, nthawi ya dowe yomweyo, Delifa anatentha thupi. Anali malungo, aliyense wa maso akanaona. Koma mtsinje unali utadzaza, ngolo sikanaoloka, ndipo pamene madzi amaphwa kuti apite naye kukiliniki, mwana anali atapita.

Manong'onong'o anayamba maliro asanaikidwe. Ati mwanayo wadya magazi. Ati magazi a anthu ophedwa kunkhondo akuyenda pansi pa nthaka kutsata mwini wake, ndipo akutulukira m'chimanga cha anthu osalakwa. Ati nanga mayi woitana akufa dzuwa likuswa mtengo munamuona kuti. Pa tsiku lometa, anthu atakhala pabwalo la aGelesomu, wina ananena zimenezi mokweza, apongozi anga ali pomwepo pamphasa ya amayi. Mutu wanga unatentha. Ndinaimirira osapempha mpata, ndipo ndinawauza kuti ndi mbuli zotheratu. Ndinawafotokozera zonse ndakulemberani pamwambapa: ngayaye, ndevu, mphepo. Ndinati palibe magazi, palibe mizimu, ndi mungu wa chimanga chofiira umene ukuulukira pa ndevu za choyera, njere nkutengera bambo wake.

AGelesomu, mutu uli wometa kumene, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mofatsa.

“Ndiye inu a sukulu mukuvomera ndi pakamwa panu kuti chimuna cha chimanga cha apongozi anu chimalowa m'munda mwanga nkupereka mimba?”

Ndinati eya, ndi mphepo.

“Osagogoda?”

Ndinati mphepo sigogoda.

“Tamva,” anatero, nkuyang'ana kumbali.

Alipo mpaka lero amene amati pakamwa panga ndi pamene panaputa zimene zinatsatira. Bodza. Ine ndinanena zoona, ndipo chikwakwa sindinagwire ine. Iwowo anatenga phunziro la sayansi nkuliweruza ngati mlandu wa chigololo.

Dzinja lotsatira aNankhoma anabzala mochedwa, ndipo anabzala mbewu yonse imene inatsala, chifukwa anankafumbwe anali atalowa m'chikwatu chimene ankasungiramo. M'nyumba simunatsale ngakhale njere imodzi. Chimanga chinakula bwino. Ngayaye zitangoyamba kusuzumira, zisanatsegule, ine ndinapita ku Zemba ndi ngolo kukatenga malata a tchalitchi. Ndinabwera dzuwa litapendeka. Ndili patali ndinaona kuti pachulu pali china chake cholakwika, koma sindinadziwe kuti nchiyani. Mundawo unali utafupika.

Anabwera masana, amuna okhaokha, aGelesomu patsogolo, ndi zikwakwa. Sanamenye munthu, sanazule phesi, sanatukwane. Anangodula ngayaye iliyonse, mzere ndi mzere, ati kuti chimanga cha eni chileke kulowereredwa. Agogo anu akuti aNankhoma anakhala pamwamba pa chulu, manja pamiyendo, nkumaonerera mpaka anthuwo anamaliza. Pamene ndimafika ndinawapeza atatola ngayaye zonse nkuzigoneka pansi mondondozana, mitu kuloza kumodzi, monga timagonekera anthu. Zinali zanthete, mungu usanakhwime. Zinalibenso ntchito.

Ndinafuna nkhwangwa. Agogo anu anali ataibisa kale m'nkhokwe, amandidziwa. Ndinaswa ndowa ndi mwendo, chala chachikulu ichi chinapindika tsiku limenelo.

Patapita masiku ochepa ndevu zinatuluka. Apa mvetserani, chifukwa ichi m'kope mwanu mulibe. Ndevu zikalandira mungu zimasiya kukula, zimafota nkuda. Koma zikapanda kulandira zimangokulabe, kufunafuna. Za m'munda uja zinapitirira chikhatho, zinafika kutalika ngati mkono wa mwana, zotuwa, zonyezimira ngati zanyowa, zili lende m'chiuno mwa mapesi opanda mitu. Ukaima m'mphepete unkaona ngati khamu la amayi afulatira, atamasula tsitsi. Kunja kukhale bata, masamba ali duu, ndevuzo zinkagwedezekabe pang'onopang'ono. Ana anasiya kudzera njira ya kuchulu. Agalu athu omwe ankalambalala. ANankhoma ankalowabe m'mizere mame akauma, koma tsopano ankatchula mayina a akazi okhaokha, ndipo ankatuluka mutu uli wakuda.

Ine ndinkadziwa kuti ndevu sizidikira mpaka kalekale. Zikapitirira sabata ndi masiku angapo zimafa, ndipo zikafa ndiye kuti mbewu imene inaberekedwa kumbuyo kuchokera ku Mozambiki yathera pomwepo. Chimanga cha anansi chinali chitamaliza kale kuwaza mungu, poti iwo anabzala ndi mvula yoyamba. Koma ine ndinali ndi choyera changa kudimba chimene chinali chitangomasula. Ndinatuma agogo anu kuti akanene kuti ndikadule ngayaye zanga ndidzakunthire pa ndevuzo, mbewu isakanikirane koma isafe.

Anabwera nalo yankho maso ali pansi. “Akuti awa ndi amasiye. Wamasiye sakwatiwa maliro asanathe.”

Ndinakuwa kuti ndiye afe nazo mbewu zawozo, ndipo ndinakuwira khoma, poti mwini wake sindikanamukuwira.

Mawa lake chakumasana kunabwera aNambewe, mkazi wa aGelesomu, mayi wake wa Delifa. Chimwalirire mwana anali asanapondepo pakhomo pathu. Sanaodire, sanakhale pansi. Anazungulira khola ngati akusaka nkhuku yosochera, ndipo atafika pafupi ndi agogo anu analankhula akuyang'ana nkhuku zathu.

“Kumanda, pa Delifa, pali chimanga. Chamasula dzulo.”

Kenako anafotokoza mwachangu, monong'ona. Pokolola chaka chathacho amuna awo analamula kuti njere zofiira zonse zisankhidwe zitenthedwe. Iwo anabisako dzanja limodzi m'mpango, chifukwa inali mikanda ya mwana wawo. Mvula itakhazikika anazemba masana, anthu onse ali kuminda, nkukazibzala mozungulira mtumbira, ndipo ankapitako kukapalira. Atanena zimenezi anachoka, nkhuku yawo yosocherayo osaipeza.

Ndinakhala pansi nkuganiza. Njere zimenezo mayi wake anali chimanga choyera cha aGelesomu, koma bambo wake anali chofiira cha apongozi anga. Ndiye kuti ngayaye zokhazo padziko lonse zonyamula mtundu wa aNankhoma zinali zitaima pamanda a mwana amene anthu ankati aNankhoma anamupha. Agogo anu anakawauza. ANankhoma anati, “Amenewo ndi athu. Akatenge.”

Kunena nkosavuta. Kumanda sikulowedwa popanda maliro, ndipo manda a kwathu kuno ndi komwenso kumatulukira gule. Ine ndine wa tchalitchi, sindinalowe gule, ndipo munthu wotere akapezeka m'nkhalango imene ija amadziwa yekha chimene chimamuchitikira. Kupita mobisala ndi mdima sikukanathandiza, chifukwa ngayaye imawaza mungu m'mawa mokha, mame akauma, ndipo munguwo suchedwa kufa ukawombedwa ndi dzuwa. Ndinayenera kulowa poyera, nkutuluka chothamanga.

Ndinayala pepala la thumba la simenti m'lichero nkunyamuka. Kunja kunali kowala bwino, anthu akupalira, wina akuimba patali. Nditangolowa pansi pa mitengo ija phokoso lonse linatsala kumbuyo ngati wina watseka chitseko. Njiwa zimene zinkalira zinaleka. Ndinadutsa mitumbira yakale yotitimira, mbale zobooka ndi makapu adzimbiri zili pamwamba, mpaka kumalo atsopano kumene mitengo inadulidwa ndipo dzuwa limalowa. Ndinachiona. Mapesi obiriwira bii, onenepa kuposa a m'munda wa feteleza, atazungulira kamtumbira kakang'ono ngati anthu ozungulira mwana wodwala. Pansi panali popalira bwino. Pakati panali kakapu ka pulasitiki ka Delifa.

Ine amene ndinatcha anthu mbuli pabwalo, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, “Odi.”

Palibe anayankha, ndipo ndikuthokoza. Ndinaweramitsa ngayaye imodziimodzi pa lichero nkumagogoda ndi chala. Mungu unkatsika ngati utsi wachikasu. Phesi limodzi, lalitali kuposa onse, la ngayaye yaikulu ngati tsache, linali kumutu kwa mtumbira, kuseri kwake kuli chitsamba cha minga. Kuti ndilifike ndikanayenera kuponda pamanda. Ndinalisiya. Ndinapinda pepala nkuthamanga, osacheuka.

Pachulu aNankhoma anali akudikira ndi nthenga ya nkhuku. Ine ndinkagwira lichero nkhope nditatembenuzira kumbali, mwaulemu wake, iwo nkumaviika nthengayo mu mungu ndi kupaka pa ndevu, phesi ndi phesi. Mungu unali wochepa, mapesi ambiri. Unatha tisanafike ndi pakati pomwe. Ndinayenera kubwererako mawa, ndi mkuja.

M'mawa wina ndili chiweramire pa lichero ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli chinthu. Sindinamve mapazi, ndinamva kupuma. Nditatembenuka ndinaona chilombo cha gule chitaima pakati pa mitengo, thupi lonse matope otuwa, mutu wa nthenga, chikwanje m'manja. Ana inu mumaziona zikuvina pabwalo, ng'oma zikulira, amayi akuimba, nkumati nzosangalatsa. Kuchiona chili chokha, chili chete, kwawo kumanda, ndi nkhani ina. Ndinaganiza zotaya lichero nkuthawa, koma ndinakumbukira ndevu zija zikulendewera. Ndinangoima, lichero m'manja ngati wopempha.

Chilombocho sichinayang'ane ine. Chinkayang'ana chimanga, ndi pansi popalira, ndi kakapu. Chinaima choncho nthawi yaitali, chifuwa chikukwera ndi kutsika, matope akusweka m'nthiti. Kenako chinaika chikwanje pansi. Chinazungulira mtumbira, nkulowa m'chitsamba cha minga chija osasamala kulasidwa, chinagwira phesi lalitali lija nkuliweramitsa pamwamba pa manda mpaka ngayaye inafika pa lichero langa. Sichinafunike kugwedeza. Dzanja lake linkanjenjemera lokha, ndipo mungu unatsika wambiri kuposa masiku onse, wina nkugwera pa mtumbira ndi m'kakapu muja.

Mapazi ake ndinawaona. Sindinena zambiri. Chilombo ndi chilombo, chimachokera kumanda, sichikhala ndi dzina la munthu.

Ndinafika pachulu chothamanga, mungu ukutayikira m'mbali mwa pepala. Apo ndi pamene aNankhoma anachita chimene sanachitepo nkale lonse, ndipo sanadzachitenso mpaka kufa. Anagwira m'mphepete mwa lichero, anandiyang'ana m'maso, nkulankhula ndi ine mwini.

“Bambo, gwirani bwino. Mukutaya ana.”

Zaka zonsezo ndinali ndisakudziwa kuti diso lawo lamanzere linali loyera, losaona. Tinamaliza mizere yotsala tsiku limenelo. Pa ndevu iliyonse ankatchula dzina monga kale, ndipo pa phesi lomaliza, pafupi ndi malire a aGelesomu, ndinawamva akuitana motsitsa kuti, “Delifa.”

M'masiku awiri otsatira ndevu zinayamba kufota, kupiringizika, kuda. Sindinaonepo chinthu chofota chokongola chotero. Zina zinali zitafa kale tisanazifike, ndipo pokolola zambiri zinali za magweru, zina zitsononkho zokhazokha. Koma mbewu inapezeka, yodzaza chikwatu. Chaka chotsatira pakati pa njere zofiira panayamba kuoneka zoyera, mtundu wa munda wa aGelesomu ukutulukira. Ndinkayesa kuti apongozi anga azisankha nkuzitaya. Sanataye. Ankazitcha a Delifa, nkuzibzala limodzi ndi zinzake. Palibe anabweranso ndi chikwakwa. AGelesomu sanandipatsenso moni mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo inenso sindinawapatse, koma ngayaye za pachulu zinkawaza mungu m'munda mwawo chaka ndi chaka, iwo osanena kanthu.

Lero mbewu timagula m'sitolo, yopakidwa mankhwala obiriwira, ndipo ukaibzalanso chaka chachiwiri imakuchititsa manyazi. Inenso ndimalima yomweyo, sindine wopusa, ndiyo imadzaza matumba. Koma mizere ya m'mbali mwa chulu sindinaisiye, ndipo mphepo ikugwirabe ntchito yake. Njere zimene umaponyera tambala zija, Limbani, zinachokera kumeneko. Ndi mtundu wa anthu amene unatengera mphuno yakoyo.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ndilibe nacho yankho. Chimanga sichidzifesa chokha. Njere zake zimamatirira pa chitsononkho m'kati mwa makoko, ndipo chikagwa pansi chimadyedwa ndi chiswe ndi mbewa, kapena chimamera chothinana nkuphana chokha. Popanda dzanja la munthu, pakapita zaka zochepa chimatha. Izi ndinaphunzira, ndipo ndi zoona. ANankhoma anamwalira iwe Tamala usanabadwe. ANambewe anatsatira, aGelesomu nawonso, ndipo ana awo otsala anasamukira ku Chipata. Koma chaka chilichonse mwezi wa Febuluwale, ndikamadutsa pa njinga panjira ya kumanda, ndimaona ngayaye zitasuzumira pamwamba pa udzu, pamalo omwe aja. Ndinafunsa agogo anu ngati ndi iwo. Anandionetsa mawondo awo otupawo nkundifunsa ngati ndapenga. Sindinapiteko kukaona ngati pansi pake mpopalira. Musandifunse chifukwa.

Tsono mawa m'mawa, musanagwire foni, mukatole njere zofiira zimene nkhuku zasiya kuseri kwa nkhokwe, muziike m'chitini chili pawindo langa. Ndipo ndikadzafa musadzandiikire maluwa a pulasitiki ogula kuboma aja. Alibe chimuna, alibe chikazi, sabala kanthu, angodzandikwiyitsa. Mudzatenge za m'chitinimo mudzabzale mondizungulira, zambirimbiri, chifukwa phesi lokhala lokha limabala magweru. Zikadzamasula mudzabwere kudzagwedeza, dzuwa litakwera, mame atauma. Polowa mudzanene odi.